Mukugulitsa boti kapena mukuchokapo kaye pa doko? Malo anu aja akonzeni chonchi

Anzanga a ku Kachulu, a ku Chisi ndi madoko ena onse a nyanja ya Chilwa mbali ya Zomba kuno, nkhani ya malo oimikapo boti ikudanitsa anthu oti akhala akupalasa limodzi kuyambira ali anyamata. Ndipo mukaiona bwino imabuka nthawi ziwiri basi, munthu akagulitsa boti lake wogula uja n'kumati malonso ndagula, kapena munthu akachokapo miyezi ingapo pobwera n'kupeza pachikhomo pake pamangidwa boti la wina. Zonse ziwirizi zimapeweka, bola mukonze zinthu musanalandire ndalama komanso musanakwere galimoto.

Tiyambe ndi pamene ambiri amasokonezera. Boti ndi lanu, injini ndi yanu, maukonde ndi anu, koma gombe si lanu ayi. Gombe lili m'manja mwa amfumu, ndipo amene amayendetsa zochitika za tsiku ndi tsiku pamenepo ndi komiti ya BVC (Beach Village Committee), komiti ya asodzi ndi anthu a padoko. Chimene muli nacho inu ndi chilolezo choimika boti pamenepo, chopatsidwa kwa inuyo monga munthu amene anthu a padokopo akumudziwa. Zili ngati mumsika wa Zomba muja, mutha kugulitsa benchi ndi tomato wanu yense kwa mnzanu, koma nthaka imene benchilo laimapo simungaigulitse poti eni ake alipo. Olo mutakhala pamalopo zaka makumi awiri, olo chikhomocho anakhoma ndi malemu bambo anu, chilolezo chimakhalabe chilolezo.

Ndipo musaone ngati ndi zachimidzi zathu zokha. Abale athu amene amagwira ntchito m'ma marina ku Cape Town kapena ku Durban, madoko otchingidwa bwino aja oimikamo maboti a anthu andalama, angakuuzeni kuti m'ma marina ambiri kunjaku lamulo lake ndi lomweli, kungoti iwo amalemba. Mwini boti amasaina laisensi ya malo m'dzina lake ndi dzina la boti lake, akagulitsa botilo amayenera kudziwitsa ofesi ya marina msanga, ndipo wogula salowa pamalopo mwachisawawa, amakapempha payekha mwinanso kudikira pamzere. Mwini boti akamachoka nalo kwa masiku angapo amanena tsiku lochoka ndi lobwerera, nde ofesi imatha kuikapo boti la alendo pamalopo iye kulibe, koma iyeyo saloledwa kubwereketsa malowo kwa wina n'kumalandira ndalama mobisa. Ife ku Chilwa tilibe milatho ya matabwa yokhala ndi manambala ngati iwo, koma nzeru yolemba ija ndiyofunika kwa ife kuposa iwo, chifukwa gombe lathu limasuntha. Ndifikapo pamenepo.

Mapepala atatu oti musawasakanize

Musanachite chilichonse tulutsani mapepala anu onse muwayale pamphasa. Pali laisensi ya usodzi, imeneyi imachokera ku dipatimenti ya Fisheries motsata lamulo la zausodzi, imalembedwa dzina lanu ndi mtundu wa chida chimene mumaphera nsomba, kaya khoka kaya matchera, ndipo imafuna kukonzedwanso chaka ndi chaka. Pali mapepala a boti lenilenilo, makamaka kwa inu onyamula anthu ndi katundu pakati pa Kachulu ndi Chisi, amenewo ndi a dipatimenti ya Marine pansi pa lamulo la 1995 la zombo za panyanja zathu. Kenako pali umembala wanu ku BVC, dzina lanu mu kaundula wa komiti ndi malisiti a zopereka. Zitatuzi zili ndi eni ake osiyana, nde kumaliza ndi mmodzi sikutanthauza kuti mwamaliza ndi onse. Makomiti a BVC anayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993, kuno anakhazikika Chilwa itaphwa mu 1995, ndipo cholinga chake chinali choti asodzi eni ake azitenga mbali poyang'anira nyanja. Choncho komiti si mdani wanu, ndi anthu anu omwe, ndipo buku lawo ndi limene lidzakuikireni umboni zinthu zikadzavuta.

Pogulitsa boti

Poyambira penipeni ndi kwa atcheyamani ndi alembi a komiti, wogula asanabwere n'komwe kudzaona boti. Auzeni kuti boti lakuti ndikufuna kuligulitsa, ndipo muwauziretu maganizo anu pa malo, kaya mukusiya usodzi, kaya mukufuna kugula boti lina lalikulupo. Anthu ambiri amabisa poopa kuti anzawo awanena kuti agwa, ena amaopa kuti achibale akamva za ndalama ayamba kubwera. Ndikumvetsa, koma malonda a boti sabisika, likangosintha wopalasa doko lonse ladziwa, nde bola komiti imve kwa inu kusiyana n'kumva kwa anyamata otsuka nsomba.

Mukatero, malizani ngongole zonse zomata pa botilo. Apa musathamange. Zopereka za ku komiti, chindapusa ngati chinalipo, malipiro a alovi anu, komanso adavansi ija munatenga kwa amayi ogula matemba n'kulonjeza kuti nsomba za boti ili zizipita kwa iwo kaye. Ngongole yotereyi pakamwa pa anthu imakhala ya boti osati ya munthu, moti wogula akadzakocheza tsiku loyamba amayi aja adzafika ndi beseni lawo kudzatenga nsomba, wogula n'kumati ine sindikukudziwani, phokoso layambika. Ngati simungathe kubweza musanagulitse, aitaneni amayiwo pa tsiku la malonda alandire zawo pa ndalama yomweyo anthu akuona. Alovinso auzeni nthawi ilipo, ali ndi mabanja, asadzangodzuka mbandakucha n'kupeza boti lapita.

Tsopano kuonetsa boti. Likokereni kumtunda, wogula alione pouma, masana. Muloleni agogode matabwa a pansi amve ngati ena akulira mofooka, aone m'mipata momwe munamata ndi phula, ayang'ane misomali ngati yadyeka ndi dzimbiri poti madzi a Chilwa ali ndi kamchere ndipo chitsulo sichichedwa kutha. Pamene pali chigamba musapake penti dzulo lake kuti pabisike, muonetseni, mtengo mugwirizane akudziwa. Kenako libwezereni m'madzi mukwere nonse, aone yekha kuti pakatha ola limodzi madzi olowa ndi ochuluka bwanji. Injini ailize yekha ili yozizira osati inu mutaitenthetsa kale, ndipo nambala yake, ija imakhala pa kachitsulo pafupi ndi pomangira injini ku boti, muiwerenge nonse n'kuifananiza ndi ya pa lisiti limene munagulira. Inu ogula, injini yoti nambala yake yapalidwa kapena mwini wake alibe kapepala kalikonse isiyeni olo itchipe chotani, ma injini obedwa amayenda madoko ambiri ndipo apolisi akaipeza amatenga kwa amene ali nayo.

Mukagwirizana mtengo lembani kalata. Sikufuna loya, pepala la m'kope ndi bolopeni zakwana, koma mulembe zinthu izi momveka: maina onse awiri ndi manambala a ziphaso za unzika, mudzi ndi mfumu ya aliyense, dzina kapena nambala ya boti, kutalika kwake, mtundu ndi nambala ya injini, ndi chilichonse chimene chikupita nalo limodzi, nkhafi zingati, tanki ya petulo, nangula, tcheni ndi loko, majekete. Chimene sichinalembedwe sichinagulitsidwe. Ndipo pansi pake muikepo chiganizo ichi, chimene kwa ine ndi mtima wa kalata yonse:

"Malonda awa ndi a boti ndi katundu walembedwa pamwambayu basi. Malo oimikapo boti pa doko sali m'gulu la malondawa, wogula akapempha yekha ku komiti."

Asaine nonse, asainenso mboni, mmodzi wa komiti, mmodzi wa kwa amfumu, ndi wachibale mbali iliyonse. Inu abambo, mayi akunyumba akhalepo kapena adziwe, maboti ambiri anagulidwa ndi ndalama ya mpunga umene analima ndi iwowo, ndipo malonda ochitika iwo osadziwa amathera ku bwalo. Amfumu akadinda chidindo chitani fotokope, aliyense atenge yake, ina ikhale ku komiti, ndipo ijambuleninso pafoni chifukwa mapepala kunyanja amanyowa. Ngati ndalama yadutsa pa Airtel Money kapena Mpamba uthenga uja musafufute, nambala yake ilembeninso pakalatapo.

Nanga wogula akapereka theka n'kuti zotsala ndimaliza mwezi wa mawa? Zimachitika kwambiri, ndipo apa ndi pamene malo amatayikira mwakachetechete. Wogula amayamba kugwiritsa ntchito boti likuimabe pamalo panu, mwezi umodzi, iwiri, isanu, pomaliza anthu onse azolowera kumuona pamenepo ndipo mukadzati achoke mukuoneka ngati wankhanza ndinu. Nde lembani tsiku lomalizira kulipira, lembani kuti kufikira tsikulo mwini boti ndani, likawonongeka akonza ndani, ndipo lembani kuti likuima pamalo panu mongobwereka mpaka tsiku lakuti. Ine ndimalangiza kuti injini ikhale kwa wogulitsa mpaka ndalama ithe, koma zimenezo mugwirizane nokha.

Za malo zimatengera kuti inu mukupita kuti. Ngati mukusiya zausodzi, kanenani ku komiti kuti malo ndabweza, alembe tsiku. Mutha kumulankhulira wogula wanu kuti ndi munthu wabwino amuganizire, palibe cholakwika, koma musalandire ndalama ya malo olo ataikakamiza yekha, chifukwa tsiku limene komiti idzapereke malowo kwa mnyamata wa m'mudzi momwemo amene wakhala akudikira, wogula adzabwera kwa inu kufuna ndalama yake ndipo adzakhala akulondola. Ngati mukugula boti lina, nenani kuti malo ndikusungabe ndipo mupereke nthawi yoti boti latsopano lifika liti. Likakhala lalikulu kuposa lakale muuziretu komiti ndi oyandikana nawo, poti boti lalitali la injini silingalowe pamene pankaima kabwato popanda kukhula maboti a anzanu mphepo ikamawomba.

Inu ogula ochokera doko lina, kaya ku Mposa ku Machinga kaya ku Swang'oma ku Phalombe, bwerani ndi kalata yochokera ku BVC ya kwanu yonena kuti ndinu ndani, mumagwiritsa chida chanji ndipo simunathawe mlandu. Kalata imeneyi imatsegula zitseko msanga kuposa ndalama. Mukafika kaonekereni kwa amfumu kaye, kenako ku komiti, mufunse malamulo a padokopo poti amasiyana doko ndi doko, ndipo mulandire malo amene akupatsani olo akhale kumapeto. Ngati mukulitenga botilo kupita nalo kwanu, komiti ya kuno ilifufute mu kaundula wake, ya kwanu ililembe.

Chotsala ndi maofesi aboma, ndipo apa wogulitsa ndi amene ayenera kuchangamuka. Pitani limodzi ndi wogula kwa alangizi a zausodzi a dera lanu ndi kalata ija, adziwe kuti boti lasintha mwini. Laisensi yanu musampatse wogula ngati mbali ya katundu, ili m'dzina lanu, iye akadule yake. Taganizani, munthu wagula boti lanu, dzina lanu lidakali lolembedwa m'mbali mwake ndi penti yofiira, iye wakalowa nalo m'nyanja nthawi yotseka kapena wamanga neti ya udzudzu kuthumba la khoka, akagwidwa anyamata n'kuthawira m'njedza, udzu wautali wa m'madzi uja, kusiya boti, amene adzaitanidwe ndani? Ndinu. Choncho dzina lanu lifufuteni pa boti tsiku lomwelo. Kwa maboti onyamula anthu nkhani ndi yolemera kuposa apa chifukwa pali miyoyo, umwini usinthidwe ku Marine, wogula aonetsetse kuti boti layesedwa ndipo chiphaso chake chili ndi moyo, adziwe chiwerengero cha anthu chimene botilo limaloledwa, majekete akhalemo okwanira. Boti likachita ngozi mapepala akadali m'dzina lanu mudzavutika kufotokoza kuti munagulitsa kale.

Mukamachokapo kwa kanthawi

Kunyanja kuno palibe amene amakhala chaka chonse osachokapo. Makoka akatsekedwa kuyambira Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale ambiri amapita kukalima, ena amadwazika matenda kuchipatala ku Zomba, ena maliro kumudzi, ena ku Joni kukasaka ya injini, ndipo nyanja ikaphwa ngati mmene inachitira mu 1995 ndi 2018 anthu amasamukira ku Chiuta, ku Malombe kapena ku Mangochi. Palinso amene amakakhala m'zimbowera, timisasa toyandama tija, mkati mwa nyanja masabata ambiri osaonekera kudoko. Kuchoka si mlandu. Chimene chimapweteketsa ndi kuchoka osatsanzika.

Masiku awiri atatu kungouza oyandikana nawo zakwana. Koma mukaona kuti mudutsa masabata awiri, pitani kwa alembi alembe m'buku: tsiku lochoka, tsiku limene mukuyembekeza kubwera, nambala ya foni yanu, ndi dzina la munthu amene akuimirireni. Munthu ameneyu akhale wopezeka padoko tsiku lililonse, osati achimwene anu a ku Blantyre. Zopereka za ku komiti lipiliranitu za miyezi yonseyo kapena muzitumiza pafoni mwezi ndi mwezi, malisiti azisunga wokuimirirani uja. Palibe umboni wamphamvu woti malo simunawataye woposa lisiti la mwezi watha.

Pali kuchoka kwa mitundu iwiri ndipo kukonza kwake n'kosiyana. Koyamba ndi koti mwapita ndi boti lanu, malo atsala opanda kanthu. Apa tinene zoona anzanga, simungayembekeze kuti pamalo pabwino, pafupi ndi pamene ogula amaima, pakhale pululu miyezi itatu anzanu akuvutika kukocheza m'matope. Wina adzaimikapo basi. Nde m'malo moti zichitike mwazokha, vomerezani nokha kuti komiti iikepo munthu mongobwereka, dzina lake lilembedwe, ndipo asaine kuti mwini malo akabwera ndidzachoka. Mutha kutchula munthu amene mukumufuna, koma adutse ku komiti. Lendi musalandire. Mukangoyamba kulandira kenakake mwezi ndi mwezi, munthu uja amayamba kudziona ngati ali ndi gawo pamalopo, ndipo komiti ikadzamva mutha kuluza nonse awiri. Akakupatsani ndiwo mwa ulemu wake imeneyo ndi nkhani ina.

Kwachiwiri ndi koti inu mwachoka koma boti latsala. Apa funso ndi loti ligwira ntchito kapena liima. Ngati mukusiyira wina kuti azipha nalo nsomba, lembani kagawidwe ka ndalama, amene azigula petulo ndi kukonza zowonongeka, chida chimene aziloledwa kugwiritsa ntchito, ndipo kafunseni alangizi a zausodzi ngati laisensi yanu ikumuphimba munthuyo kapena afunika yake. Komiti idziwe kuti amene akuoneka ndi boti lanu si wakuba komanso si mwini watsopano. Ngati liima, musalisiye m'madzi nthawi ya dzinja popanda wokapa, mvula ya usiku umodzi imatha kulidzaza n'kukhala pansi m'matope, ndipo boti lomira pamalo panu limatsekereza anzanu njira mpaka komiti kulamula kuti lichotsedwe. Kulisiyanso padzuwa la Okutobala osaphimba matabwa amauma n'kutseguka mipata yolowa chala. Chabwino ndi kulikokera kumtunda pamalo amene komiti yakuuzani, kulikhazika pa mitengo kuti lisagunde dothi chiswe chingalowe, n'kuliphimba ndi udzu kapena njedza. Injini ichotseni, muilize mpaka petulo wa mu kabuleta athe kuti asaumiremo, muisunge m'nyumba itaima. Maukonde muwayanike aume bwino n'kuwapachika, pansi makoswe amawadya.

Tsopano nkhani ya gombe losuntha ija. Chilwa ndi nyanja yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imangolandira kuchokera ku Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina, kenako dzuwa n'kumamwa. Nde madzi akatsika pang'ono chabe gombe limathawa mtunda wautali. Amene analipo mu 2018 akukumbukira maboti ali ndondondo pa dothi long'ambika pa Kachulu, madzi osaoneka n'komwe. Namondwe wa Freddy atadutsa mu 2023 zinatembenuka, madzi anakwera n'kumiza malo amene anthu ankaimikapo kale. Tanthauzo lake ndi loti chikhomo chimene mwakhoma lero, pobwera mutha kuchipeza chili pakati pa munda wa mpunga kapena chili pansi pa madzi. Munthu amene anangoti malo anga ndi pachikhomo chija, kapena pafupi ndi mtengo uja, amabwera n'kupeza doko lonse lasamuka, anzake afola mwatsopano, iye mulibemo ndipo palibe amene anamulanda.

Chifukwa chake polembetsa ku komiti musalembe malo ngati kadothi, lembani ngati mpata wanu pamzere. Alembe kuti boti la uje limaima pakati pa boti la uje ndi la uje, mbali ya kumene amakwezera anthu kapena mbali ya asodzi a matemba. Oyandikana nawo awiriwo akhalepo polemba ndipo avomere. Mukatero olo doko lisunthe kangati, mpata wanu ukusuntha nawo limodzi, ndipo wokuimirirani uja ntchito yake ikhale yomweyo, madzi akasuntha akakhome chikhomo chanu chatsopano pakati pa anthu omwewo. Jambulaninso chithunzi pafoni boti lanu lili pakati pa awiriwo tsiku lochoka. Ndikanakonda makomiti onse akanamalemba chonchi ngakhale kwa anthu amene sakuchoka, chifukwa mikangano yambiri imene imabuka madzi akabwerera si ya kuba malo ayi, ndi yoti aliyense akukumbukira mzere mosiyana.

Ulendo ukatalika kuposa mmene munanenera, imbani foni. Chakudza sichiimba ng'oma, matenda amatha kukula, ku Joni mapepala amatha kuvuta, aliyense amamvetsa zimenezo bola wamva. Tumizani uthenga kwa alembi pa WhatsApp kapena wamba kuti tsiku lija lasintha ndibwera mwezi wakuti, ndipo uthengawo musunge. Funsaninso musanachoke kuti padoko panu munthu akakhala chete nthawi yaitali bwanji ndi pamene malo ake amaperekedwa kwa wina. Ngati komiti yanu ilibe lamulo lotero, likambidwe pa msonkhano anthu onse alipo, lisadzapangidwe tsiku limene pabuka mlandu wa munthu mmodzi poti pamenepo limaoneka lokondera. Ndipo inu a komiti, musanapereke malo a munthu amene wasowa, muimbireni, mufunse wokuimirira wake ndi abale ake, mupereke nthawi, ndipo zonsezo mulembe.

Pali kuchoka kwina kumene sitikonda kukutchula, mwini boti akamwalira. Boti, injini ndi maukonde ndi chuma cha masiye, ndipo lamulo la 2011 la chuma cha masiye limateteza mkazi ndi ana, kulanda ndi mlandu. Malo aja poti anali chilolezo cha malemu, banja lipite ku komiti maliro akatha likanene amene aziyendetsa boti, dzina lisinthidwe m'buku. Pempho langa kwa makomiti ndi loti mpata umenewo muziusunga kaye, musathamangire kuupereka mayi wamasiye akadali pa chisoni, chifukwa boti limenelo ndi limene liphunzitse ana aja.

Pobwerera

Dziwitsani komiti ndi munthu wobwereka uja kutatsala sabata imodzi kapena awiri kuti mufike, apeze kolowera. Mukafika n'kupeza boti lake likadali pamenepo musamasule chingwe chake, olo mtima ukuwawa bwanji. Boti la mwini mukalimasula n'kutengedwa ndi mphepo, kapena kusowamo kanthu, mlandu wa malo umathera pomwepo n'kuyamba wina woti mulipe ndinu. Imikani lanu pambali, pitani kwa alembi atsegule buku pa tsamba lija munasaina nonse, atcheyamani akamuuze okha. Akakana, nkhani ipite kwa amfumu, ndipo alangizi a zausodzi aitanidwe adzamve nawo. Tengani malisiti anu, fotokope ya kalata, chithunzi chija ndi oyandikana nawo awiri aja.

Boti limene linali kumtunda musalikweze anthu kapena khoka tsiku lomwelo. Matani phula m'mipata yonse, lilowetseni m'madzi osaya likhale masiku angapo matabwa afufume, muzikapa n'kumaona ngati madzi olowa akuchepa. Onaninso tsiku lothera laisensi yanu musanaponye ukonde, poti miyezi imene munali kulibe ija nayonso imawerengedwa, ndipo ngati yatha kadulitseni kaye ku Fisheries musanalowe m'nyanja.